Zitsamba ndi Matenda a Kuvutika Maganizo

Dera la Samora Machel ndi limodzi mwa mabairro a mzinda wa Tete. Anthu a m'derali amalawirira ku nchito dzuwa lisanakule, cifukwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ena amapita ku msika kukagulitsa masau, malambe ndi nsomba. Ena amanyamula anthu pa njinga zamoto. Ena amawoloka mtsinje wa Zambeze kupita ku migodi ya malasha ku Moatize. Ana nawo amapita ku sukulu. Nchito zonsezi zimafuna munthu amene maso ndi makutu ake ali cheru.

Pali matenda ena amene amalanda munthu mphamvu ndi cimwemwe, ngakhale thupi lake lilibe bala. Munthu wodwala cotero nthawi zambiri amayamba wafuna thandizo ku zitsamba. Phunziro lino likufotokoza za matendawa, za zitsamba zimene anthu amamwa pofuna kucira, ndi zimene zitsambazo zimacita m'mutu mwa munthu.

Matenda a kuvutika maganizo

Munthu aliyense amamva cisoni nthawi zina. Mwana akalephera mayeso amakhumudwa. Pa maliro anthu amalira. Cisoni cotere cimacepa masiku akamapita, ndipo munthu amabwerera ku nchito zake.

Koma pali cisoni cina cimene cimakhalitsa. Cimenecico ndi matenda. M'Cinyanja anthu amati kuvutika maganizo, kapena kuganiza kwambiri. M'Cipwitikizi amati depressão. A cipatala amaganizira za matendawa ngati munthu wakhala ndi zizindikiro izi pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo:

1. Kukhala wacisoni tsiku lonse.
2. Kusakondwanso ndi zinthu zimene kale ankazikonda.
3. Kusowa tulo, kapena kugona mopitirira muyeso.
4. Kusafuna cakudya, kapena kudya kwambiri.
5. Kutopa popanda nchito yolemetsa.
6. Kulephera kuika maganizo pa cinthu cimodzi.
7. Kudziona ngati wopanda pake, ndiponso kuganiza za imfa.

Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse, limene m'Cipwitikizi amalichula kuti OMS, limati anthu odwala matendawa pa dziko lapansi ndi oposa 280 miliyoni. Amagwira akazi ambiri kuposa amuna. Amagwira olemera ndi osauka, ana a sukulu ndi nkhalamba zomwe. Angayambe pambuyo pa imfa ya m'bale, kutha kwa nchito, ngongole, nkhanza za m'banja, matenda okhalitsa kapena kubereka. Nthawi zina amayamba popanda cifukwa cooneka.

Cizindikiro ca nambala 6 ncofunika kucikumbukira. Matendawa paokha amacepetsa kale cheru. Mwana wodwala amawerenga tsamba lonse osagwirapo kanthu. Mayi amaiwala mphika pa moto. Conco mankhwala alionse amene amawonjezera tulo ndi ulesi amaika mtolo wina pamwamba pa mtolo.

Cifukwa cake anthu amayambira ku zitsamba

Zitsamba zili pafupi, ndipo makolo anazidziwa kalekale. Sing'anga amalankhula cinenero ca wodwala, amamudziwa iye ndi banja lake, ndiponso amakhala naye pansi nthawi yaitali. Nkhondo itatha pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a cigawo ca Tete anabwerera kucokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe kumene anathawira. Ambiri anabwera ndi mitima yosweka. Zipatala zambiri zinali zitawonongeka, ndipo asing'anga, akuluakulu a mipingo ndi mafumu ndiwo anali pafupi kuwatonthoza.

Boma la Moçambique limazindikira nchito ya asing'anga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunakhazikitsidwa bungwe lawo lochedwa AMETRAMO. M'caka ca 2004 boma linavomereza ndondomeko ya mankhwala a makolo, yolimbikitsa kuti asing'anga ndi a cipatala azigwirizana, ndi kuti zitsamba zizifufuzidwa.

Kufufuza nkofunika cifukwa citsamba ndi mankhwala enieni. Ciri ndi mphamvu, ndipo cinthu ca mphamvu cingathandize kapena kupweteka. Zitsamba zimene anthu amamwa akavutika maganizo zingaikidwe m'magulu atatu.

Gulu loyamba: zitsamba zoziziritsa mtima ndi zogonetsa

Ku Ulaya kuli citsamba cochedwa valeriana. Anthu amamwa muzu wake kuti apeze tulo. Akatswiri ataciyesa, ena anapeza kuti cimathandiza pang'ono, ena sanapeze kusiyana kulikonse. Anthu ena akacimwa usiku amadzuka m'mawa mutu uli wolemera. Cikakumana ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa, tulo timakula. Palibe umboni wakuti valeriana amaciza kuvutika maganizo.

M'makomo ambiri a Moçambique mumabzalidwa udzu wonunkhira ngati ndimu, umene anthu amapangira tiyi wochedwa chá balacate. Ku Brasil anthu amamwa tiyi yemweyu pofuna kukhazika mtima pansi. M'caka ca 1986 akatswiri a ku São Paulo anamuyesa pa anthu. Anapeza kuti tiyiyu sanapweteke amene anamumwa, komanso sanawagonetse kapena kuwacotsera nkhawa. Ndi cakumwa cokoma ca pa banja, koma matenda sacotsa.

Citsanzo ca mphamvu koposa ndi ca mitengo ya mtundu wa Rauvolfia. Umodzi mwa iyo ndi mwimbi, mtengo waukulu wokonda m'mbali mwa mitsinje, wa utomoni woyera ndi khungwa lowawa. Ku Índia kuli m'bale wake wa mwimbi, amene asing'anga a kumeneko ankapatsa anthu osokonezeka mutu kuti akhale bata. M'caka ca 1952 akatswiri a mumzinda wa Basel anatulutsa m'muzu wa citsambaco mankhwala ochedwa reserpina. Madokotala anayamba kupatsa mankhwalawa anthu a kuthamanga kwa magazi, ndipo anathandizadi. Koma anaonanso kuti odwala ena anayamba kuwodzera masana, kucita zinthu mocedwa, ndi kugwa m'cisoni cacikulu. Ncifukwa cake madokotala sapereka reserpina kwa munthu amene akuvutika maganizo.

Nkhani ya reserpina ikuonetsa kumene anthu ambiri amasokera. Wodwala akamwa citsamba n'kugona, acibale amati wayamba kupeza bwino cifukwa sakuliranso. Komatu kugona ndi kucira ndi zinthu ziwiri. Munthu amene akucira amayamba kudya, kuceza, kusamba ndi kugwira nchito. Munthu amene wangogonetsedwa amakhala cete, matenda ali momwemo.

Gulu laciwiri: zakumwa zodzutsa

Tiyi, monga amene amalimidwa ku Gurúè m'cigawo ca Zambézia, ndi khofi, zili ndi cinthu cochedwa cafeína. Cimenecico cimacotsa tulo kwa maola angapo, ndipo munthu amamva ngati mutu wapepuka. Zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu zilinso ndi cafeína wambiri.

Kapu imodzi kapena ziwiri m'mawa sizivuta kwa munthu wamkulu. Koma wodwala amene amamwa zambiri kuti athane ndi kutopa amayamba kunjenjemera manja, mtima umagunda msanga, ndipo usiku tulo timasowa. M'mawa mwake amadzuka wotopa kuposa dzulo, n'kumwanso zina. Cafeína amabwereketsa mphamvu za mawa kuti zigwire nchito lero. Cisoni cimakhala cosakhudzidwa.

Gulu lacitatu: citsamba cimene cinayesedwa pa matendawa

Pa zitsamba zonse, cimene cafufuzidwa kwambiri ndi hipericão. Dzina lake la sayansi ndi Hypericum perforatum. Ndi citsamba ca ku Ulaya ca maluwa acikasu. Sicimera m'chire la ku Tete, koma cimagulitsidwa m'maiko ambiri monga mapiritsi kapena masamba ouma a tiyi, ndipo anthu a paulendo angabwere naco. Ku Alemanha madokotala amacilembera odwala.

M'caka ca 2008 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 29, wokhudza odwala 5,489. Anapeza kuti kwa anthu amene matenda awo sanafike poopsa, hipericão amathandiza kuposa piritsi lopanda mankhwala, ndipo amafanana mphamvu ndi mapiritsi a ku cipatala. Pa nkhani ya cheru, citsambaci sicigonetsa kwambiri. Anthu atayesedwa liwiro la maso ndi manja awo atacimwa, sanacedwe ngati amene anamwa mapiritsi ogonetsa.

Koma hipericão ali ndi ngozi yobisika, ndipo ngoziyo ili m'ciwindi. Ciwindi ndico cimaphwanya mankhwala ambiri amene munthu wamwa, kuti atuluke m'thupi. Hipericão amafulumizitsa nchito imeneyi. Conco mankhwala ena amatuluka m'magazi asanamalize nchito yawo. M'caka ca 2000 akatswiri a ku América anayesa zimenezi pa anthu 8 athanzi. Anapeza kuti mankhwala a HIV ochedwa indinavir anacepa m'magazi ndi 57 pa 100 alionse.

Zimenezi zikukhudza mabanja ambiri a mumzinda wa Tete. Anthu ambiri amene amamwa mankhwala a ARV m'Moçambique amalandira piritsi lokhala ndi dolutegravir, ndipo malangizo a mankhwalawa amaletsa kuwamwera pamodzi ndi hipericão. Mankhwala akacepa m'magazi, kacirombo kamaculukanso, ndipo kangathe kuphunzira kulimbana nawo. Hipericão amafooketsanso mapiritsi a kulera, moti mayi angatenge pathupi asakuyembekezera. Akakumana ndi mapiritsi a cipatala a kuvutika maganizo, munthu angatenthe thupi, kunjenjemera ndi kusokonezeka. Amacititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa.

Pali vuto linanso la maina. Dzina lina la hipericão ndi erva-de-são-joão. Koma ku Brasil dzina lomwelo limaperekedwanso kwa citsamba cina cosiyana naco kotheratu. Munthu wogula potsata dzina lokha angagule cinthu cina.

Camba ndi mowa

Anthu ena akavutika mumtima amathawira ku camba, cimene ena amati suruma, kapena ku kacasu. Amati akufuna kuiwala mavuto. Camba cimacedwetsa maganizo, cimafooketsa cikumbumtima ca zinthu zacatsopano, ndipo kwa acinyamata ena cimayambitsa misala. Lamulo la Moçambique la m'caka ca 1997 limaletsa kulima, kugulitsa ndi kusuta camba. Mowa nawo umagonetsa ubongo. Ukatha m'mutu, cisoni cimabwera cokulirapo, ndalama za ufa zitapita.

Sekondi imodzi pa msewu

Kukhala cheru kumatanthauza kuona cinthu msanga, kucimvetsa msanga ndi kucitapo kanthu msanga. Masamu ocepa angaonetse kufunika kwake.

Njinga yamoto yothamanga makilomita 36 pa ola imayenda mamita 10 pa sekondi imodzi. Mwana akadumphira mumsewu, woyendetsa wa mutu wabwino amagwira mabuleki pasanathe nthawi. Woyendetsa amene anamwa zogonetsa akacedwa ndi sekondi imodzi yokha, njingayo imakhala itayenda kale mamita 10 owonjezera. Mamita 10 ndi kutalika kwa cipinda cimodzi ca sukulu. Pa mlatho wa Samora Machel, pamene magalimoto, njinga ndi anthu oyenda pansi amapanikizana, mtunda wotere ndi wokwanira kutayitsa moyo.

Ncimodzimodzi ndi woyendetsa makina ku mgodi, msodzi wa pa bwato, mmisiri wokwera pa denga, ndi mayi woyamwitsa amene akugona ndi khanda pa mphasa imodzi. Wogonetsedwa ndi mankhwala nthawi zambiri sadziwa kuti wacedwa. Iye amaona ngati ali bwinobwino.

Vuto la muyeso

Piritsi la ku cipatala limalembedwa mphamvu yake pa pepala, ndipo la lero limafanana ndi la mawa. Citsamba sicitero. Mphamvu yake imasintha malinga ndi nthaka imene camera, nyengo imene cakumbidwa, ndiponso ngati watenga muzu, khungwa kapena tsamba. Imasinthanso ndi nthawi imene cawira pa moto. Kapu ya lero ingakhale yofooka, ya mawa n'kukhala yoopsa. Botolo logulidwa pa msika lopanda dzina silinena zimene zili m'kati mwake. Ana, amayi apakati, oyamwitsa ndi okalamba ndiwo amapwetekedwa msanga.

Thandizo la ku cipatala

Kutopa ndi kusowa cilakolako ca cakudya kungabwere ndi matenda enanso, monga kucepa kwa magazi, malungo, shuga, TB kapena HIV. Ncifukwa cake wodwala ayenera kupimidwa kaye. M'zaka za m'ma 1990 Unduna wa Zaumoyo unayamba kuphunzitsa anchito ochedwa técnicos de psiquiatria, amene amathandiza anthu a matenda a maganizo m'zigawo ndi m'maboma. Munthu wa ku Samora Machel angayambire pa cipatala caching'ono ca pafupi ndi kwawo. Kukafunika, amatumizidwa ku Hospital Provincial de Tete.

Mapiritsi a cipatala nawonso amakhudza cheru, ndipo a cipatala amanena zimenezi poyera. Amitriptilina amagonetsa, conco amamwedwa usiku, ndipo woyamba kumene kumwa sayenera kuyendetsa galimoto kufikira ataona mmene thupi lake lawalandirira. Fluoxetina sagonetsa kwambiri, ndipo kawirikawiri amamwedwa m'mawa. Onse awiri amatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti ayambe kuoneka nchito yake. Amamwedwa kwa miyezi yambiri, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

Palinso thandizo lopanda piritsi kapena muzu. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa nchito yochedwa Friendship Bench. Agogo aakazi anaphunzitsidwa kukhala pa benchi panja pa cipatala, kumvetsera wodwala, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loyamba nalo. M'Cishona matendawa amati kufungisisa, ndiko kuti kuganiza kwambiri. Zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 zinatuluka m'caka ca 2016. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchi, 14 pa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matendawa. Mwa amene analandira thandizo la masiku onse, anali 50 pa 100. Thandizo limeneli siligonetsa munthu ndipo silimenyana ndi mankhwala ena alionse.

Zina zothandiza ndi za pakhomo: kudzuka ndi kugona pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kuyenda m'mawa kunja kusanatenthe, kudya pamodzi ndi banja, ndi kusadzipatula ku mpingo, ku mzikiti kapena ku gulu la anzake. Mutu umodzi susenza denga.

Zoyenera kukumbukira

Wodwala amene akumwa citsamba auze namwino kapena dokotala dzina lake, ndipo ngati n'kotheka apite naco. Auzenso sing'anga za mapiritsi amene akumwa. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, koma kubisako ndiko kumabweretsa ngozi.

Munthu wa pa mankhwala a ARV, a TB, a khunyu kapena a kulera asayambe citsamba ciliconse asanafunse ku cipatala, ndipo asasiye mapiritsi ake.

Munthu amene wamwa cinthu cogonetsa asayendetse njinga kapena galimoto, asakwere pamwamba, ndiponso asapalase bwato.

Acibale aziyang'ana ngati wodwala wayamba kudya, kulankhula ndi kugwira nchito. Kugona kokha asakuyese kucira.

Munthu akanena zofuna kudzipha, mawu ake asatengedwe ngati nthabwala. Asasiyidwe yekha. Mankhwala ndi zinthu zoopsa zicotsedwe pafupi naye, ndipo aperekezedwe ku cipatala tsiku lomwelo. Mwana amene ali ndi vuto lotere, kapena amene waliona kwa mnzake, auze mphunzitsi kapena wamkulu amene amamukhulupirira. Angathenso kuimba nambala yaulere ya Linha Fala Criança, imene ndi 116.

Kuvutika maganizo ndi matenda monga ena onse, ndipo amacizika. Wodwala si waulesi, ndiponso sayenera kusekedwa.

Mawu atsopano

kuvutika maganizo: depressão
kukhala cheru: estar atento
citsamba: planta medicinal
ciwindi: fígado
muyeso wa mankhwala: dose
kafukufuku: pesquisa

Mafunso

1. Chulani zizindikiro zinayi za matenda a kuvutika maganizo.
2. Kodi madokotala anaphunzira ciyani pa mankhwala a reserpina?
3. Fotokozani zimene hipericão amacita m'ciwindi. Ncifukwa ciyani zimenezi zili zoopsa kwa munthu womwa mankhwala a ARV?
4. Galimoto ikuthamanga makilomita 72 pa ola. Kodi imayenda mamita angati pa sekondi imodzi?
5. Kodi acibale angadziwe bwanji kuti wodwala akuciradi?
6. Funsani agogo kapena makolo anu maina a zitsamba zitatu zimene anthu amamwa akasowa tulo. Lembani mainawo m'Cinyanja, ndipo ngati alipo, m'Cinyungwe ndi m'Cipwitikizi. Musalawe citsamba ciliconse.